Ndinapempha mawu, Mulungu anayamba kupatsa NyaJere

Moni nonse a mumpingo wathu, ndi inu akutali amene pepalali lidzakupezani. Ndine Yotamu Phiri, kwathu ndi kumalire a Kasungu, koma ndakalambira kuno ku Mzimba. Sukulu ndinangoilawa, choncho zilembo zikapindika musaseke, mverani nkhaniyo. Ndikuchitira umboni za matenda a m'khosi amene anandilanda mawu.

Ondidziwa akudziwa kuti ine chuma changa ndi mawu. Ku nkhalango ya paini ku Viphya ndinali kapitawo wa odula mitengo. Mtengo ukayamba kulira, ndine ndinkakuwa kuti "Thawani!" ndipo ngakhale a kutsidya kwa chigwa ankathawa. Kutchalitchi ndinkayambitsa nyimbo popanda buku. Mkazi wanga NyaJere ndiye wofatsa chomene. Pagulu, ine ndili pomwepo, sankayankha munthu. Ankangoti "Yewo," basi. Ndi mmene anamulelera kwawo, ndipo ine zinkandikomera.

Ndiye m'khosi muno munatuluka timibulu tolimba ngati nthanga za masuku. Thupi linayamba kutha, mawu n'kusasa, kenako anazimiratu. Tsiku lina mtengo unagwa ine ndikukuwa mpweya wokhawokha, nthambi n'kumukwapula mnzanga paphewa. Mabwana anandichotsa ukapitawo nandipatsa tsache kuti ndizisesa utuchi. Ine, Yotamu! Lamulungu ndinkakhala kumbuyo, wina akuyambitsa nyimbo motsika ngati ng'ombe yodwala, ine misozi ili chuchuchu. Mphini ananditema, mizu ndinamwa yowawa ndi yonunkha, koma timibulu tija tinkangokula. Ndinkapemphera mumtima kuti, "Ambuye, zina zonse tengani, mawu okha ndibwezereni."

NyaJere anandikakamiza kupita kuchipatala mpaka ndinalola. Tinakwera basi mpaka pa Jenda, makhadi a chipani ali m'thumba poti masiku amenewo sunkayenda wopanda khadi, kenako lole ya chimanga inakatitula kuchipatala cha mishoni. Dokotala anandigwiragwira m'khosi, nanena kuti ayenera kudula kachidutswa ka chotupacho, akatumize ku Blantyre kuti akakaunike. Apo ndinachita nthumanzi. Ife tinakula tikumva kuti nyama ya munthu wamoyo ikalowa m'botolo, imakakhala chizimba cha chigayo cha wina. Ine ngakhale tsitsi ndikameta ndinkakwirira ndekha.

Ndinamukoka mkazi wanga n'kumunong'oneza kuti, "NyaJere, auze kuti ndakana. Tiye tizipita."

Iye anagwada bwinobwino, manja pamodzi, nalankhula mokweza ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo chimukwatirire. Monga mwa kwawo, amanditchula ndi dzina la mwana wathu woyamba.

"Adokotala, awiske Tiwonge akuti dulani. Akuti iwo ndi mwamuna, saopa kampeni."

Ndinayesa kukuwa, koma kunangotuluka mphepo. Dokotala anandiyang'ana nati, "Zoona, bambo?" M'chipindamo munali anamwino, pakhomo odwala anzanga akusuzumira, onse maso pa ine. Kodi kapitawo wathunthu akanati bwanji kuti akuopa? Ndinagwedeza mutu kuvomera, ndipo anadula.

Pobwerera sindinamulankhule, ngakhale kunena zoona ndinalibe cholankhulira. Iye anangondifunditsa chitenje chake pakhosi kuti fumbi lisalowe pachilonda, nati, "Kwiyani chomene, awiske Tiwonge. Bola mukwiye muli moyo."

Yankho litabwera anatiitana. Dokotala anati kanyama kaja anakaona pa makina okuza tinthu tating'ono, ndipo anapezamo tizilombo ta chifuwa chachikulu. Ine ndinadabwa, poti sindinkatsokomola kwenikweni. Anati matendawa samangokhala m'chifuwa ayi. Tizilomboto tikalowa, thupi likalephera kutipha, limatimangira timakola tating'onoting'ono n'kutitsekera momwemo. Timakolato tikachuluka ndiye timibulu tija, ndipo tina tinamangika pomwe pamatulukira mawu. Izi ndinazimva bwino, chifukwa khola ndimalidziwa. Ndinati mumtima, kani thupi langali silinagone, linkamenya nkhondo ine ndikusesa utuchi! Linkangosowa wolithandiza.

Anandigoneka m'chipatala, jakisoni tsiku ndi tsiku mpaka matako analimba ngati thabwa, kenako mapiritsi a nthawi yaitali. Nditatuluka ndinafuna kuwaleka poona kuti ndayamba kunenepa, koma NyaJere ankaima patsogolo panga ndi chikho cha madzi, osachoka mpaka nditameza.

Mawu anabwera Lamulungu lina. Bambo wa mawu a ng'ombe yodwala uja anayambitsa nyimbo motsikitsitsa, ine ndinalephera kupirira. Ndinangotsegula pakamwa, ndipo anatuluka! Osasa pang'ono, koma angaanga. Ana anadzidzimuka, amayi analulutira, mbwenu NyaJere wabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso aja anaunika kanyama kanga osandidziwa n'komwe. Inu amene muli ndi chotupa chosapola, musachibise m'kolala ya malaya. Pitani, akadula adule, ndipo mankhwala mumalize. Musatope kupemphera, pakuti Ambuye amayankha, kungoti nthawi zina yankholo amalidzeretsa pakamwa pa munthu amene inu mumamuyesa wachete. Lero pakhomo pathu olankhula tilipo awiri. Ine ndimakuwabe, koma NyaJere akatsokomola pang'ono, ndimayamba ndamvetsera.