Tayala Timaliyesa M'nthiti

Pamzere wa pashopu ya matayala, bambo wina wovala tayi ankayang'anitsitsa mayi amene ankakanikiza tayala m'mbali ndi bondo.

"Mayi, mupweteka bondolo. Tengani awa, onani kuwala kwake."

"Kuwala kumanyamula njerwa, bambo? Tayala timaliyesa m'nthiti. Ili ndi lofewa ngati mtsamiro."

"Nanga abambo akunyumba akutumani otani?"

"Anditume ndani? Pikapu ili panjapo ndimayendetsa ndine. Chaka chachisanu ndi chinayi chino, njerwa ndi mchenga, msewu wa miyala yokhayokha."

"Inu nomwe? Osagwerako m'ngalande?"

"Kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinamvera munthu wa tayi. Tayala linaphulika pamtsetse, njerwa mbwee! Kuyambira pamenepo ndimagula okhuthala aja, a mapulayi teni basi."

"Koma amenewo amagogoda msana. Abambowo sadandaula?"

"Adandaule chiyani? Iwo amakhala kumbuyo, pamwamba pa katundu, atagwira chingwe."

"Aa! Mwamuna kumbuyo, inu kutsogolo?"

"Eya. Ndiye mukuti ndigule owalawo, ndikawagwetse bambo a ana anga? Njerwa zikasweka timaumba zina. Amene ajawo ndikawaumba kuti?"