Ndinapha Mbawa ya Mayi Gondwe

Abale ndi alongo, ine sindinali chidakwa kapena wakuba. Tchimo langa linali nsanje, ndipo ndinkalowa nayo m'tchalitchi muno nditavala yunifolomu ya chigwirizano.

Nditakwezedwa pantchito ku Capital Hill, tinasamukira ku Area 14. Pabwalo ndinapezapo mitengo ya mango. Ndinadulitsa yonse n'kuthira simenti mpaka kugeti, kuti wodutsa azidziwa kuti muno mwalowa bwana.

Oyandikana nafe anali Mayi Gondwe, namwino wopuma pantchito wochokera ku Rumphi, a mpingo wathu womwe uno. Pafupi ndi mpanda wathu anali ndi mbawa yaikulu. Dzuwa la Okutobala la zaka zino mukulidziwa. Kwanga simenti inkawotcha mapazi, m'nyumba muli ngati mu uvuni. Amayi a chigwirizano anasiya kubwera kwathu, mapemphero onse anasamukira pansi pa mbawa ija. Ine ndinkanamizira mutu, n'kumamvera nyimbo zawo kuseri kwa mpanda mtima ukuwawa. Ine wa masofa atsopano, anthu n'kusankha mphasa?

Tsiku lina Mayi Gondwe atapita kumaliro, ndinaswa simenti m'mbali mwa mpanda, ndinadula mizu ya mbawa ija n'kuthirapo oyilo wakutha wa galimoto. Masamba anayamba kuyoyoka. Mayi Gondwe ankathirira m'mawa ndi madzulo, ine n'kumawafunsa mwaulemu, "Kodi si chiswe chimenechi, amayi?"

Mtengo unauma ndipo anaudula. Kunena zoona, ndinasangalala.

Chaka chimenecho mvula inachedwa, kenako inabwera yonse pakamodzi ndi mkuntho. Mphepo yomwe kale inkatchingidwa ndi mbawa inasasula malata a nyumba yanga. Madzi a pabwalo, posowa dothi loti alowemo, analowa pakhomo. Masofa aja anamwa mpaka kukhuta.

Anatitsegulira chitseko ndi Mayi Gondwe. Ana anga anagona pabedi lawo. M'mawa anatipatsa tiyi. Ndinagwada n'kuulula zonse.

Mayi Gondwe anati, "Mtengo uja anabzala ndi malemu amuna anga. Fungo la oyilo ndinalimva kalekale, mwanawe. Ndinkangokupemphererani."

Pomwepo Ambuye Yesu anandigwira. Anationa oyenera kutisungitsa dziko lake, koma ine ndinalipatsa poizoni chifukwa cholusira mthunzi wa mnzanga. Timadandaula kuti nyengo yasintha, nkhwangwa ili m'manja mwathu.

Simenti ija ndachotsa, ndabzala mbawa m'mbali mwa mpanda. Mbawa imachedwa kukula, ndipo mwina Mayi Gondwe sadzakhala pamthunzi wake. Zimenezi zimandipwetekabe.

Alemekezeke Mulungu amene anandikhululukira kudzera mwa munthu yemwe ndinamulakwira. Loweruka lino tikubzala mitengo kuseri kwa tchalitchi, mubwere ndi makasu. Ngati nsanje ikukudyani monga inkandidyera ine, mulawire m'mamawa. Dzenje loyamba tidzakumbe limodzi.