Patapata Yotsala pa Siteji ya ku Chikomeni

Anandiuza nkhaniyi ndi Binwell, wokonza njinga pa siteji ya ku Chikomeni, cha mu 1994. Akuti mayi wina wachikulile atatsika basi, mtsikana wobeleka khanda anamuthamangila.

"Amama, mwasiya patapata m'mbuyomu!"

"Yewo mwanawe. Mapazi angawa samva kanthu, ndimangozindikila ndafika ndi imodzi."

"Nanga manja akunjenjemelawo?"

"Matenda omwewo. Gwila pakhosi apa. Wamva chingwecho? Ndi mtsempha umenewo, unatupa. Kwathu atauona anati ndi khate. Anandipatula mbale, kapu yanga n'kuimanga kansalu. Mdzukulu wanga wayamba kukwawa, ine osam'gwilapo."

"Mayo ine! Ndiye mwandigwilitsa bwanji?"

"Usapukute dzanjalo iwe! Ndikuchokela kuchipatala. Adokotala andigogoda maondo ndi kanyundo, mwendo uli zii. Apima, apima, ati si khate ayi, ndi kutupa kwa mitsempha, sikupatsilana. Mankhwala ndi awa."

"Kwanuko akakhulupilila?"

"Mpongozi wanga, make mdzukuluyo? Ngouma mutu ameneyo."

"Kwanu n'kuti?"

"Pa chigafa cha fodya apo."

"Pafupi pomwepa? Belekani uyu wanga, ine ndikugwilani mkono. Tikalowe m'mudzimo akaone okha."

"Ukunena zoona, mwanawe? Ee, kufunda kwake! Iwe kamwana, wandikodzela kale!"

"Wakukondani ameneyo, agogo!"

Binwell akuti mpongozi uja anapeleka mdzukuluyo kwa agogowo tsiku lomwelo. Apo pokha ndikukayika, chifukwa Binwell sanachoke pa njinga zake.