Anayamba Kunditsanzika Ndikukonzekera Mpikisano

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene timalimbikitsana pa gulu lino. Ine ndine Levisoni, wa ku Kaomba kuno ku Kasungu. Si ine munthu wa mawu ambiri, koma pali phokoso lina limene silichoka m'makutu mwanga, ndipo ndi limene landilembetsa lero. Ndi phokoso la masilipasi a amayi a ku tchalitchi akamabwera mondondozana kudzaona wodwala, phaa, phaa, phaa, m'kanjira ka kwathu. Ndinalimva ndili mwana likubwera kwa mayi anga, kenako kwa bambo anga. Tsiku lina linadzaima pakhomo panga, ndipo wodwalayo ndinali ine. Umboni wanga ndi wa chaka chimene mudzi wonse unkandiona ngati munthu wopita, mpaka inenso ndinavomereza.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndi matenda aja amene nthawi imeneyo anthu sankawatchula dzina, mankhwala ake asanafike kumidzi. Anandilera ndi agogo aNabanda, mayi awo a mayi anga. Ndinakula ndili mwana wokhala pambali, womvetsera ndi kuyang'ana. Anzanga akamapita kukasambira ine ndinkatsala, chifukwa agogo ankati mmodzi yekha amene wawatsalira sangamupereke kumadzi. Nditakula ndinayamba kabaza, kunyamula anthu ndi matumba a feteleza pakati pa midzi ndi pa boma. Dzinja ndinkalima fodya m'munda wa mayi anga, umene ankauyang'anira ndi amalume, mlongo wawo.

Mphunzitsi wina amene ndinkamunyamula kawirikawiri ndi amene anandionetsa pa foni yake mpikisano wa masewera atatu, umene amautcha traiyathuloni. Umayamba ndi kusambira mtunda wautali m'nyanja, ukatuluka ukwera njinga n'kupalasa mpaka dzuwa kufika pamutu, ukatsika uthamanganso wapansi. Anati kuno kwathu umachitikanso, ndipo salowa akatswiri okhaokha. Anaseka kuti ndi miyendo yanga ya kabazayi, mbali imodzi ndathana nayo kale. Iye ankangocheza, koma ine mawuwo ndinapita nawo kunyumba. Chimene chinandikoka n'chakuti masewerawa safuna timu. Mpira sindinauphunzire chifukwa pogawana anthu palibe amene ankandisankha. Apa pankangofunika ine ndi msewu.

Ndinayamba titamaliza kudinda mabelo a fodya, zigafa zitatsala zopanda kanthu. M'mawa ndinkathamanga m'misewu ya fumbi yodutsa pakati pa minda, mopanda wokumana naye kupatula ng'ombe ndi mitengo ya fodya yothyoledwa masamba. Loweruka ndinkapalasa msewu waukulu mpaka ku Nkhamenya n'kubwerako, kumbuyo kulibe munthu, anzanga a kabaza akundikuwiza kuti mzukwa ndanyamulawo ulipira zingati. Chovuta chinali kusambira. Ndinkapita ku damu la esiteti ina, ndipo ndinayamba ngati mwana, kugwira bango n'kumamenya madzi ndi miyendo. Madzi a matope ndinamwa ambiri ndisanayambe kuwoloka. Pa damupo nthawi zambiri pankakhala bambo mmodzi akuwedza, tenanti wa pa esitetipo. Tinkangogwedezerana mutu. Ife a m'midzi ndi matenanti sitizolowerana kwenikweni, timangodutsana. Kunyumba agogo ankangoyang'ana kabudula wonyowa pa chingwe.

Thupi linayamba kuphwa. Masaya analowa, thalauza ndinkachita kumanga ndi luzi. Kwathu kuno munthu woonda ndi wodwala, ndipo akaonda mwana wa anthu amene anapita monga anapitira makolo anga, palibe amene amafunsa chifukwa. Ine poti ndimayang'ana kwambiri, kusinthako ndinakuona msanga. Pa maliro ena, anyamata okumba manda anandilanda khasu n'kundiuza kuti ndikapume pamthunzi. Pa siteji ya kabaza amayi ena ankadumpha njinga yanga n'kukakwera ya mnzanga. Anthu anayamba kundipatsa moni wautali, wofatsa, wondiyang'ana m'khosi.

Amayi a ku tchalitchi aja anandipeza nditangofika kuchokera kothamanga, thukuta lili chuchuchu. Anaona thukutalo n'kuyang'anana. Anandikhazika pamphasa, anaimba nyimbo zimene amaimbira odwala, napemphera kuti Mulungu andikonze mtima. Ndinayesa kuwafotokozera za mpikisano. Mayi mmodzi wachikulire anandisisita paphewa.

"Inde mwanangu, udzathamanga ndithu. Ungolimba mtima."

Anasiya ufa wa phala ndi kapepala ka shuga, n'kumapita.

Tsiku limenelo ndinaseka chamumtima. Koma pasanapite nthawi ndinayamba kutopa mosiyana ndi kale. Mtunda umene ndinkaudutsa mosavuta unayamba kundiimitsa panjira, m'mimba mukupweteka cham'munsi. M'mawa wina pokodza ndinaona magazi kumapeto kwake. Ndinafotsera ndi dothi ngati mphaka, osauza munthu. Mawa lake zinali zomwezo. Kuyambira pamenepo ndinagwirizana nawo anthu aja. Ndinaganiza kuti matenda a makolo anga anangogona m'thupi mwanga zaka zonsezi, ndipo ndawadzutsa ndekha ndi kuthamangaku. Kukayezetsa ndinkaopa. Ndinkaona ngati ndikangomva ndi makutu anga, ndiye kuti zatha. Ndinkapitabe kothamanga, koma osati chifukwa cha mpikisano. Kumsewu kokha ndi kumene kunalibe maso ondimvera chisoni.

Nthawi yokonza nazale itakwana, amalume anaitana onse a pabanja pathu ku dambo kuti ayeze mabedi ofesapo fodya. Chaka chilichonse aliyense wolima amapatsidwa bedi lake. Wopanda bedi alibe mbande, ndipo wopanda mbande alibe munda chaka chimenecho. Ndinaima ndi khasu langa ndikuwaona akukhoma zikhomo. Anayezera ana awo, anayezera ena onse, kenako anayamba kukulunga chingwe. Nditawayandikira sanandiyang'ane kumaso. Anati chaka chino ndipumule kaye, munda wa mayi anga ayamba aulima mwana wawo wamkulu kuti usagonere. Sananene mwankhanza ayi. Amalume anaika m'manda mlongo wawo ndi mlamu wawo, ndipo ankangokonzeratu zinthu ngati munthu amene anazionapo kale. Koma ine ndinamva ngati dothi loyamba lagwera pabokosi.

Nditafika kunyumba ndinapeza agogo ali pakhonde akuswa mtedza. Nkhani inali itawapeza kale. Iwo chikhalire amanditcha mwamuna wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo amatero akamaseka. Tsiku limeneli sanaseke.

"Amuna anga, nanunso mundisiya?"

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuswa nawo.

Mawa lake ndinapita ku damu, osati kukasambira, koma chifukwa ndinalibe kwina kopita. Ndinakhala m'mphepete ndipo ndinapemphera pemphero lalifupi. Sindinapemphe kuchira. Ndinangoti, Ambuye, agogo aika kale awiri, musalole kuti aike wachitatu. Ndipo ngati sindikupita, nditumizireni munthu mmodzi yekha woti andiuze, chifukwa ndatopa kudzifunsa ndi kudziyankha ndekha.

Nditatero ndinapita kuseri kwa bango kukataya madzi. Potembenuka ndinapeza tenanti uja ataima ndi mbedza yake, akuyang'ana pansi. Ndinafuna kufotsera, koma anali ataona kale. Anandifunsa kuti zayamba liti, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu ake. Nditamuuza anapukusa mutu, kenako anaseka pang'ono, kuseka kosanyoza. Anati iye kwawo ndi ku Phalombe, kufupi ndi madambo a mpunga, ndipo iyenso anakodzapo zofiira chonchi ali mnyamata. Anati zikufanana ndi likodzo, limene limachokera ku nkhono za m'madzi oima. Anawerama n'kutola kankhono kamodzi pa bango, kundionetsa pachikhatho. Dzina la likodzo ndinalimvapo kusukulu, koma poti ndinakula kutali ndi madzi sindinaganizepo kuti lingakhale langa.

Ndinamuuza kuti sakudziwa za kwathu. Ndinamufotokozera za mayi anga ndi bambo anga, za amayi a nyimbo aja, ndi za bedi. Zinthu zimene sindinauzepo munthu wa m'mudzi mwanga ndinaziuza mlendo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anabisa mbedza yake m'bango n'kugwira njinga yanga.

"Ine si dokotala, achimwene. Koma musadziike m'manda nokha asanakuyezeni. Kwerani, ndipalasa ine."

Zaka zonse za kabaza ndinali ndisanakhalepo pa khushoni ya njinga yanga. Ndinakhalapo tsiku limenelo, nditagwira zitsulo ngati kasitomala, ndikuyang'ana msana wa malaya ong'ambika a munthu amene ndinkangomugwedezera mutu. Panjira ndi pamene ndinadziwa kuti ndi a Makwinja. Anandiuza kuti njinga yanga mabuleki ake ndi a mapemphero, ndipo ndinaseka, koyamba pa nthawi yaitali.

Kuchipatala anandiyeza mkodzo ndi magazi. Namwino anandifunsa ngati ndikufuna kuyezetsanso kachilombo. Ataona kuti ndikuzengereza, anandiuza kuti ngakhale katapezeka, masiku ano si nthawi ya makolo anga, anthu akumwa mankhwala, akulima, akukalamba. Ndinavomera. A Makwinja anadikira pa benchi panja, ntchito yawo ya ku esiteti itaima. Zotsatira zitabwera, kachilombo munalibe. Linali likodzo, ndipo linali litandichepetsa magazi. Za kuondako namwino anandifunsa zimene ndimachita pa tsiku ndi zimene ndimadya, kenako anandidzudzula kuti ndikugwiritsa thupi ntchito ya anthu atatu ndikulidyetsa phala la odwala. Anandipatsa mapiritsi akuluakulu owawa, nandiuza kuti ku damu ndisabwererenso. Iye yemweyo anandilumikiza ndi mchimwene wake wogwira ntchito pa malo ena ogona alendo pa boma, pamene pali dziwe la simenti. Kumeneko anandilola kusambira m'mawa alendo asanadzuke, ine n'kumawasesera masamba.

Nditatuluka n'kuwauza a Makwinja, anangoti basi, tiyeni, nsomba zikundidikira. Pobwerera ndinapalasa ine.

Agogo atamva sanavine, sanalulutire. Analowa m'khola n'kugwira nkhuku yawo yoikira, imene ankaikaniza ngakhale pa Khirisimasi. Koma mudzi sunakhulupirire msanga. Ena ankati odwala onse amatero. Amalume anawauza ndi agogo, ndipo anangoyankha kuti amva. Za bedi sanatchule, inenso sindinafunse. Ndinalibe mawu oti nditsimikizire nawo anthu. Ndinangodya mtedza, nyemba ndi usipa monga anandiuzira namwino, mkodzo unayera, ndipo miyendo inayamba kubwerera. Ndinkathamangabe ndekha, koma tsopano ndinkadutsa dala pakati pa mudzi.

Abale anga, ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosadziwa kupemphera mokweza, ndipo anayankha ndisanachoke pamalo pomwe ndinapempherapo. Sanatume mbusa kapena mbale wanga. Anatuma munthu amene ndinamudutsa miyezi yonse ija osamufunsa dzina. A Makwinja anachoka pa esiteti ija nyengo itatha, monga amachokera matenanti, ndipo sitinatsanzikane. Ndimawatchula m'pemphero. Ndikuthokozanso amayi a masilipasi aja, chifukwa anabwera ndi chikondi, ngakhale nyimbo anaimba isanakwane nthawi yake. Inu amene mukufotsera chinachake ndi dothi lero, kuopa kumva dzina lake, ndikukupemphani kuti mupite akakuoneni. Kaya mukamva zotani, simudzakhalanso nokha nazo. Ine mantha anandidya kuposa nkhono zija. Musasiye kupemphera, ndipo musanyoze munthu amene ali pafupi nanu chifukwa si wa kwanu.

Ena mwakhala mukundifunsa ngati ndinapambana pa mpikisano uja. Ayi. Ndinamaliza cha kumbuyo kwenikweni, miyendo ikukana, ndipo pamzere womalizira panalibe munthu wondidziwa dzina. Koma ndinamaliza. Chimene ndimachikumbukira kwambiri si cha kumeneko ayi, ndi cha m'mawa wa tsiku limene ndinkanyamuka.

Ndinali pamsewu ndikudikira minibasi, njinga nditaigwira, kachikwama kali kumsana. Ndinaona amalume akubwera kuchokera ku dambo, matope ali m'miyendo. Anaima pafupi nane osapereka moni. Anafinya tayala la kutsogolo ndi chala, anafinyanso la kumbuyo. Anafunsa ngati kumene tikasambireko kulibe ng'ona, ndipo ndinawauza kuti akuti kulibe. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabokosi ka machesi, kokulungidwa m'pulasitiki. Anakatsegula pang'ono kuti ndione. Munali mbewu ya fodya, yosalala ngati fumbi.

"Bedi lako lili kumapeto, pafupi ndi chitsime. Mapesi ophera tizilombo ndatenthapo kale. Ukabwerako udzafese wekha, ndipo usachedwe kumeneko, mbewu za anzako zamera."

Anandiika kabokosiko m'dzanja n'kupinda zala zanga. Ndisanatsegule pakamwa anali atatembenuka kale, akubwerera ku dambo.