Mbendera Inandigwirira Mkazi

Pasiteji ya minibasi pa Boma la Chiradzulu, mayi wogulitsa nandolo anaona mkulu wina akuvulira chipewa mbendera ya paofesi, ndipo kuseka kunamukanika kubisa.

"Bambo, masiku ano alipo amavulira chipewa mbendera?"

"Ine ndilipo, mayi. Imeneyo inandigwirira mkazi."

"Nsalu kugwira mkazi?"

"Kale akamaitsitsa ankaimba wezulo, aliyense n'kuima njii, osasuntha. Tsono Zuwena, mtsikana amene ndinkamufuna, ankandithawa. Ndikati ndimupatse moni, iye liwiro. Tsiku lina wezulo inalira tili pafupi, iye atasenza nkhuni. Akanathawira kuti? Ndinamunong'oneza zonse zakumtima."

"Ndiye anakulolani pomwepo?"

"Aaa, anandikana! Koma mawa lake ndinamupeza ataima pomwepo, alibe ndi nkhuni zomwe, akudikira wezulo."