Kadontho Kofiira Pakhomo pa Apongozi

Ife a ku Lifidzi mafoni tidawalandira ndi manja awiri, koma redi, mphepo ija imanyamula mauthenga, idatikana. M'mudzi mwathu monse imapezeka malo amodzi okha, kuseri kwa nkhokwe ya mayi Alzira, pamtunda. Ndiye tangoganizani tsoka la a Natanael, mkamwini wa mayi Alzira omwewo, amene adakumba kachewere wa chaka chonse, matumba makumi anayi, n'kugwirizana pa foni ndi dona Glória, wogula kachewere wa ku Tete, ndipo m'mawa wa tsiku lonyamula adangomva kuti kamyau, galimoto ya katundu, yaima pakhomo pa apongozi.

Adathamanga chokwera mtunda, patapata ali m'manja. Kachewereyo adali atagona masiku anayi m'matumba, wina atayamba kale thukuta, ndipo a Natanael ankadziwa kuti galimoto imeneyi ikabwerera yopanda kanthu, chaka chathera pompo. Atafika sadalowe pabwalo, pajatu mkamwini salowa chilowelowe kwa apongozi. Adanjuta kuseri kwa tayala lakumbuyo n'kuyamba kukodola motorisita, woyendetsa galimotoyo, bambo wamtali wofatsa amene ankakukuta chimanga chootcha atakhala pa sitepe ya galimoto.

"Psss! Achimwene! Amotorisita!"

Bamboyo adawerama n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. "Mwataya chiyani, bambo?"

"Tsitsani mawu. Ndine Natanael, mwini kachewere."

"Eya, mwafika! Ine ndine Arcanjo. Nanga bwanji mwakhala ngati mukufuna kumasula tayala?"

"Pano ndi pa apongozi anga. Tandimverani, lizani galimoto titsetserekere kumunsiku pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Kungowoloka kamtsinje ako, kudutsa munda wa nyemba, kenako pa mabulugamu paja, basi mwafika."

Arcanjo adapukuta manja pa buluku, n'kutulutsa foni yoonetsa mapu. "Adona adati ndikafike pa kadontho kofiira. Kadontho ndi aka. Galimoto ndi iyi, ili pamwamba pa kadontho. Ndachita kubwerera m'mbuyo kawiri kuti ndikaponde bwinobwino."

"Mwachita bwino. Tsono tiyeni."

"Kuti?"

"Kwathu."

"Kwanu si pano?"

"Ndati pano ndi pa apongozi!"

"Oho. Ndiye kuti mudatumiza malo olakwika."

Apa ndiye pamene padagona nkhani. A Natanael ndi amene amaikira anthu nyimbo m'mafoni mudzi wonse, ndi amene adaphunzitsa akatekisita kutumiza chithunzi, ndipo Lamulungu lililonse potuluka ku misa anthu amawazungulira, aliyense atatukula kafoni kake kodwala. Munthu wotere mawu oti "ndalakwitsa" amamutsamwa pakhosi.

"Ine? Kulakwitsa lokalizasau? Achimwene, ine foni ndidayamba kuigwira inu mukuyendetsa galimoto ya mawaya."

"Ndiye palibe cholakwika."

"Palibe."

"Chabwino." Arcanjo adatsitsa chitseko chakumbuyo, n'kuloza matumba khumi amene adatsamira khonde la mayi Alzira. "Tiyambe kupakira. Koma adona adati makumi anayi. Enawo ali m'nyumba?"

"Mayo ine! Musakhudze! Ameneyo ndi kachewere wa apongozi, wa mbewu!"

"Adona adati pa kadontho ukapeza matumba, ukapakire. Matumba ndawapeza."

"Si anga!"

"Anu ali kuti?"

"Kwathu!"

"Kumene kulibe kadontho?"

A Natanael adavula chipewa, n'kuchivalanso. "Aimbireni adona, muwauze kuti tikutsikira kumunsi."

"Adati ndiwaimbire pokhapokha chinthu chikalakwika. Amakhala pa msika, sakonda kusokonezedwa. Chalakwika chilipo?"

"Cholakwika... palibe. Pali kusiyana pang'ono chabe."

"Za kusiyana sadanene. Aimbireni inuyo."

"Mamega a intaneti adandithera."

Zimenezo zidali zoona. Dzulo lake adali atatumizira adona zithunzi makumi atatu za kachewere, china atagwirizira kachewere mmodzi patsaya kuti adona aone kukula kwake.

"Ndiye ingoyendetsani, achimwene. Adona ali ku Tete, adziwa bwanji?"

"Adziwa. Pansi pa mpando wanga pali kabokosi. Galimoto ikangosuntha, iwo amaiona ikuyenda pa foni yawo. Mwezi watha ndidapatuka pang'ono kukaona azakhali ku Fonte Boa. Ndisanamalize n'kupereka moni komwe, foni ngiii! Arcanjo, kachewere masiku ano akulimidwa ku misau, kwa ansembe?"

A Natanael adasuzumira kukhonde. Chitseko cha apongozi chidali chotseka, koma kansalu ka pawindo kadali katapindidwa pang'ono mbali imodzi. Adasendera pafupi ndi Arcanjo chokwawa.

"Takhalani pansi ndikufotokozereni, poti inu za intaneti mumangozionera patali. Kwathu redi kulibe. Ndidabwera pano dzulo, kuseri kwa nkhokweyo. Ndidakweza dzanja chonchi, foni n'kuilozetsa kunyumba kwanga. Ndidachita kutsinzina diso limodzi, kulunjika denga langa lamalata. Kenako ndidadina."

"Ndiye kadagwera pafupi."

"Mphepo! Dzulo kudali chimphepo choopsa kuno kumtunda. Chidakabweza."

Arcanjo adanyambita chala n'kuchikweza m'mwamba, nkhope ili phee. "Chimachokera kumunsi?"

"Kumunsi kwenikweni."

"Lero kwachita bata. Ponyaninso."

"Ndati mamega adatha!"

"Nayi yanga."

Nanga akadakana bwanji? Adalandira foniyo ndi manja awiri, adazembera ku nkhokwe atawerama ngati wodwala msana, adakweza dzanja, adatsinzina diso, adakankhiranso foniyo kutsogolo pang'ono kuti ipeze mphamvu, n'kudina. Adabwerera thukuta lili kamukamu.

"Kagwera pati?"

Arcanjo adayang'anitsitsa. "Kasuntha."

"Mwaona! Sindinanene?"

"Poyamba kadali pa mtondo apa. Tsopano kali pa nkhokwe. Ndisendeze galimoto ifike pa nkhokwe?"

"Mukufuna mugwetse chimanga cha apongozi? Achimwene, kodi kwanu ndi kuti?"

"Ku Ulongwe."

"Sindikufunsa kuti ndidziwe!"

"Oho."

Nkhuku ina idabwera, idajompha chitsononkho cha Arcanjo, n'kupita.

"Komanso," Arcanjo adatero, "inu mwini mudanena kuti pano ndi panu. Adona adanditumizira mawu anu. Tamverani."

"Ayi, musa..."

Adali atadina kale, ndipo foni ya Arcanjo ndi zija zimalira ngati wailesi ya pa baraka yomwera mowa. Mawu a a Natanael, amene dzulo adali manong'onong'o kuseri kwa nkhokwe, adadzaza bwalo lonse: "Adona, apa ndatumizapa ndi pakhomo panga penipeni. Nyumba ndidamanga ndekha ndi thukuta langa. Ine sindili ngati alimi ena odalira kuchikazi, omangodyera apongozi..."

A Natanael adalumpha n'kuvindikira foniyo ndi chipewa. Mawu adapitirira kunsi kwa chipewacho, akufotokoza za kukula kwa kachewere. Kansalu ka pawindo kadagwedezeka.

"Zimitsani! Ndakupembani, zimitsani!"

"Zatsala pang'ono kutha. Pamapeto pali polira mbuzi."

"Mwandipha, achimwene. Ine ndimanena nyumba yanga ya kumunsi!"

"Mudati apa."

"Apa wa uko!"

Arcanjo adayang'ana kumwamba. Dzuwa lidali litafika paliwombo. Adatseka chitseko chakumbuyo, adakoka unyolo, n'kukwera pa mpando wake. "Adona adati dzuwa likafika pamutu matumba asanakwere, ndipite ku Kalomwe. Kuli mlimi wina akudikira ndi kachewere wake."

"Simungatero."

"Adatero."

"Kachewere wanga aola, achimwene! Ana anga adya chiyani? Feteleza yense uja, kupalira konse kuja!"

"Ndikumva chisoni, bambo, zoona. Koma mwati palibe cholakwika."

Adaliza galimoto. Chiutsi chakuda chidawafuka a Natanael kumaso. Mantha adawagwira enieni tsopano, mantha a munthu amene akuona matumba makumi anayi akusanduka madzi onunkha pakhonde pake, mkazi wake Inácia akungomuyang'ana. Adagwira chitseko cha galimoto, n'kukuwa ndi mphamvu zawo zonse kuti mawu apose injini.

Arcanjo, poona milomo ikugwedera koma osamva kanthu, adazimitsa injini kuti amve bwino.

"...NDIDALAKWITSA INE! Sindidziwa kanthu! Ndimangobwera kudzanjuta kuseri kwa nkhokwe ya apongozi ngati nkhuku yofuna kuikira, n'kumadina chilichonse chobiriwira!"

Mawuwo adatsetsereka mtunda wonse. Amayi a pa mjigo adasiya kupopa. Munthu wina amene ankadutsa pa njinga adatsika, n'kuyamba kuiyendetsa chokankha kuti amve zambiri.

"Mwati mudalakwitsa?" adafunsa Arcanjo.

"Ndatero."

"Kubwerezanso sikofunika, ndamva. Ndiye ndiimbe."

Adatsika, adapita yekha kuseri kwa nkhokwe, iye poti sadali mkamwini adayenda chowongoka. Adalankhula mawu ochepa, adamvetsera nthawi yaitali foni ataitalikitsa ndi khutu, n'kubwerera.

"Ati bwanji?"

"Ati ndine chitsiru. Atinso ndipite kumene kuli kachewere, kadontho sikadyedwa."

"Ambuye alemekezeke!" A Natanael adakwera kutsogolo, adakhala bwinobwino, patapata ataziika pamiyendo. "Tiyeni, achimwene. Mukhotere kumanzere pa mjigo."

Arcanjo adakhala pa chiwongolero, manja ali pamaondo.

"Tiyeni!"

"Sindingapite."

"Adona alola!"

"Alola. Koma kamlatho ka pa mtsinje wanu ndi ka mitengo. Galimoto iyi singawolokepo, ngakhale yopanda katundu. Ndakaona m'mawa, nditafika ndidayenda wapansi kukasamba kumaso."

A Natanael adatembenuka pang'onopang'ono. "Mwadziwa kuyambira m'mawa?"

"Eya."

"Ndiye nthawi yonseyi, ine ndikukwawa pansi pa galimoto, ndikudziyalutsa mudzi wonse ukumva, bwanji osandiuza?"

"Inu mumakamba za kadontho. Za mlatho simunafunse."

A Natanael adafuna kulira, misozi yokha ndi imene idachita manyazi. Adatsika, adakhala pansi penipeni pafumbi, atagwira mutu. Matumba makumi anayi pa njinga, chokwera mtunda, ndi ntchito ya masiku atatu.

Pamenepo chitseko cha pakhonde chidatseguka pang'ono, mpata wongokwana mawu. Mayi Alzira sadatuluke, ndipo sadalankhule ndi mkamwini wawo, mwambo sulola.

"Bambo a galimoto," adatero mawuwo mofatsa, "auzeni atate a Rosinha kuti ngolo ili kuseri kwa khola. Ng'ombe zadya kale."

Arcanjo adatembenukira a Natanael, amene adali pafupi ndi khonde kuposa iye. "Akuti ndikuuzeni, atate a Rosinha, kuti ngolo ili kuseri kwa khola. Ng'ombe zadya kale."

"Ndamva!"

"Sadanene kuti mumve. Adati ndikuuzeni."

A Natanael adagwada choyang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja katatu. "Auzeni kuti ndathokoza kwambiri. Auzeninso kuti mawu aja a pa foni... foni imasintha mawu a munthu."

"Akuti athokoza kwambiri, amayi. Akutinso foni imasintha mawu a munthu."

Chitseko chidatsekeka. M'katimo mudamveka kachifuwa kamene sikadali chifuwa.

Posakhalitsa ng'ombe ziwiri zidatuluka m'khola. Arcanjo adagwira goli, a Natanael akumanga zingwe. Adawerengera kuti ngolo inyamula matumba asanu ndi atatu, maulendo asanu, ndipo Arcanjo adati adikira mpaka thumba lomaliza likwere, poti adona za nthawi sadanenenso. Mtima wa a Natanael udayamba kukhala m'malo. Ndipo mukudziwa mmene tilili ife anthu a kuno: mtima ukangokhala m'malo, matama nawonso amadzuka, n'kusasa fumbi.

A Natanael adakwera pa ngolo, adakonza chipewa, adayang'ana galimoto, adayang'ana kumtsinje.

"Komatu achimwene, mukaganiza mofatsa, galimoto yanu ikadaimabe pompano ndithu. Kulibe kwina."

"Zoona."

"Pa msewu wabwino, pouma, potembenukira pokwanira."

"Zoona."

"Ndiye kuti kadontho kanga kadalondola. Mukawauze adona zimenezo. Muwauzenso amayi a pa mjigowo."

Arcanjo adaganizira nkhaniyo mozama, akukanda ng'ombe pamphumi.

"Kadontho kadalondola, bambo," adatero. "Amene adasochera ndi kachewere."