Zenera Lachitatu ku Anfa

Pa siteji ya basi ku Casablanca, mayi Zhor anakhala pafupi ndi mkulu wina wosamudziwa, yemwe mwaulemu ankangomutchula kuti Haji, atafumbata shuga woumba wokafunsirira mbeta monga mwa mwambo wa kumeneko.

"Shuga ameneyu wa kuti, mayi?"

"Wa ku Anfa, Haji! Mwana wanga wapezako mbeta."

"Ku Anfa? Kumtunda kwa kamphepo ka kunyanja kuja? Ndili mnyamata ndinkakaonerako mahatchi akuthamanga mozungulira bwalo la gofu! Chiyambire nthawi ya Afalansa kumakhala mabwana okhaokha. Ndi dokotala mwana wanuyo?"

"Ayi, amaika magalasi m'mazenera. Kwawo kwa mtsikanayo n'koyang'anizana ndi bwalolo. Mwezi umodzi anamuitanako katatu."

"Ee, mipira ya gofu imeneyo!"

"Kawiri inalidi mipira, Haji. Kachitatu, pamagalasi oswekawo anatolapo kamunsi kosinjira adyo, mtsikana ataima poteropo akumwetulira!"